Kristian Birkeland: Anamuvomereza Patapita Zaka 50 Atamwalira

Ambiri a ife tinasenzapo thumba la feteleza kucokera kusitolo kupita nalo kumunda, ndipo ena tinaonapo matumba a kampani ya Yara okhala ndi cizindikiro ca ngalawa yamakedzana. Kampani imeneyi ndi ya ku Norway. Inapatuka mu 2004 kucokera ku kampani ina yaikulu yochedwa Norsk Hydro, imene inakhazikitsidwa mu 1905 kuti izipanga feteleza mwa njira imene anatulukira mphunzitsi wina wa payunivesite, dzina lake Kristian Birkeland. Codabwitsa n'cakuti mwiniwakeyo mtima wake sunali pa feteleza. Iye anali kufuna cabe ndalama zoyendetsera nchito ina imene inamudyera moyo wonse, yofufuza zimene zimacitika pakati pa dzuwa ndi dziko lathu. Pa feteleza anamuyamikira akali moyo, ndipo analemera naye. Pa nchito imene anali kuikonda anamutsutsa mpaka tsiku la imfa yake, ndipo umboni wakuti ananena zoona unabwera patapita zaka pafupifupi 50. Mbiri ya munthu ameneyu ndiyo tikambirane lero.

Mwana wa dziko laling'ono

Birkeland anabadwa pa 13 December 1867 mumzinda wa Christiania, umene lero timaucha Oslo. Masiku amenewo dziko la Norway linali pansi pa mfumu ya ku Sweden, ndipo linali dziko la asodzi, amalinyero ndi alimi a minda ing'onoing'ono. Akatswiri a ku Britain, Germany ndi France sanali kuyembekezera kuti kumeneko kungacokere nzeru zatsopano. Mnyamatayu anali wakuthwa mutu pa masamu, moti anasindikiza pepala lake loyamba la kafukufuku ali ndi zaka 18. Atamaliza maphunziro payunivesite ya mumzindawo mu 1890, anapita ku Paris mu 1893 kukaphunzira kwa Henri Poincaré, mmodzi wa akatswiri a masamu ochuka kwambiri a nthawi imeneyo, ndipo anakhalakonso ku Geneva ndi ku Germany. Mu 1898, akali wazaka pafupifupi 30, anamusankha kukhala pulofesa wa physics kwao ku Christiania.

Funso limene linamugwira mtima linali la cinthu cimene ife kuno sitimaciona. Kumpoto kwenikweni kwa Norway, m'nyengo yozizira dzuwa limatha pafupifupi miyezi iwiri osatuluka. Usiku wautaliwo kumwamba kumaoneka kuwala kobiriwira, nthawi zina kofiira, kolendewera ngati makatani aakulu amene mphepo ikuwagwedeza. Kuwala kumeneku akatswiri amakucha aurora. Anthu akale anali kukufotokoza mosiyanasiyana. Ena anali kunena kuti ndi dzuwa likunyezimira pa madzi oundana, ena kuti ndi mizimu ya akufa, ndipo ana anali kuletsedwa kuimba mluzu kuwalako kukaoneka.

Akatswiri anali atazindikira kale zinthu zingapo. Mu 1741 Anders Celsius ndi Olof Hiorter a ku Sweden anaona kuti aurora ikaoneka, singano ya kampasi imayamba kugwedezeka. Pambuyo pake kunadziwika kuti kugwedezeka kotereku kumaculuka ndi kucepa motsatira madontho akuda a padzuwa, amene amaculuka pa zaka 11 zilizonse. Mu September 1859, patangopita maola ocepa Richard Carrington ataona kung'anima kwakukulu padzuwa, mawaya a telegalafu ku Ulaya ndi ku America anathetheka moto. Komabe panalibe amene anali kudziwa cingwe comanga zinthu zitatuzi, dzuwa, kampasi ndi kuwala kwa kumpoto. Ndipo mu 1892 Lord Kelvin, amene mawu ake anali olemera kwambiri pa sayansi ku Britain, anawerengetsa nanena kuti dzuwa silingacititse kugwedezeka kwa kampasi, zangocitikira pamodzi mwangozi.

Mu 1896 Birkeland anapereka yankho lake. M'cipinda cake coyeseramo zinthu anaona kuti ceza ca magetsi coyenda m'chubu lagalasi lopopedwa mpweya cimakokedwa kupita kunsonga ya maginito. Caka cotsatira J. J. Thomson anaonetsa kuti ceza cimeneco ndi tizidutswa tating'ono kwambiri timene lero timaticha maelekitironi. Birkeland anaganiza motere: dziko lapansi lenilenilo ndi maginito yaikulu, n'cifukwa cake kampasi imaloza kumpoto. Ngati dzuwa limaponya tizidutswa ta magetsi, maginito ya dziko idzatikhotetsera kunsonga ziwiri za dziko, kumpoto ndi kumwera. Kumeneko tidzaomba mpweya wa m'mwamba n'kuuwalitsa, monga mmene magetsi amawalitsira mpweya wa m'nyale zachubu zija za m'makalasi.

Paphiri la Haldde

Kuganiza n'kosavuta, koma umboni unali kufuna kuti munthu apite kumene kuli aurora. Ulendo wake woyamba wa ku Finnmark, cigawo ca kumpoto kwenikweni kwa Norway, unathera panjira. Cimphepo ca cipale cofewa cinawatsekereza paphiri, ndipo wophunzira wina amene anamuperekeza, Bjørn Helland-Hansen, zala zinamuuma ndi cisanu moti madokotala anadula nsonga zake. Mnyamatayo anali kuphunzira udokotala. Anausiya, ndipo pambuyo pake anachuka pa kafukufuku wa nyanja zamcere.

Birkeland sanabwerere m'mbuyo. Boma linamupatsa ndalama zomangira kanyumba kamiyala pamwamba pa phiri la Haldde pafupi ndi Alta, mamita pafupifupi 900 kucokera pa nyanja. Iye ndi anyamata ake anakhala kumeneko nyengo yonse yozizira ya 1899 mpaka 1900, mumdima ndi m'mphepo yamkuntho, akuyang'anira makina olemba kugwedezeka kwa maginito usana ndi usiku. Anali kufunanso kuona ngati aurora imatsika mpaka kukhudza nsonga za mapiri, monga anthu ena anali kunenera. Sinatsike. Pambuyo pake mnzake wa payunivesite, Carl Størmer, anajambula zithunzi zambirimbiri zimene zinaonetsa kuti kuwalako kumayambira makilomita pafupifupi 100 m'mwamba. Ulendowu unathera m'maliro, pakuti mu March 1900 cipale cofewa cinagumuka paphiri n'kukwirira mmodzi wa anyamata ake, Elisar Boye.

Cimene anaphunzira pa Haldde n'cakuti mutu umodzi susenza denga. Malo amodzi oyezera sangaonetse njira imene magetsi a m'mwamba akuyendamo. Conco mu 1902 mpaka 1903 anakhazikitsa malo anai otalikirana: ku Kåfjord ku Norway, ku Dýrafjörður ku Iceland, pa Axeløya ku Svalbard ndi ku Matochkin Shar pa zilumba za Novaya Zemlya ku Russia. Analemberanso makalata malo oyezera maginito a m'maiko ambiri kupempha zimene analemba pa masiku omwewo. Magetsi akamayenda pafupi ndi kampasi, singano imapatuka. Poyerekezera mmene singano zinapatukira m'malo osiyanasiyana pa mphindi imodzimodziyo, iye anatha kuwerengetsa kumene magetsiwo anali kulowera ndi mphamvu yake.

Zotsatira zake anazisindikiza m'buku lalikulu lochedwa The Norwegian Aurora Polaris Expedition 1902–1903, gawo loyamba mu 1908 ndipo laciwiri mu 1913. Mfundo yake yaikulu inali yakuti kuli mitsinje ya magetsi imene imatsika kucokera kuthambo motsatira mizere ya maginito ya dziko, n'kuyenda copingasa mumpweya wa m'mwamba m'dera la aurora, kenako n'kukweranso kubwerera kuthambo. Anati mphamvu ya mitsinjeyi imatha kufika ma ampere 1 miliyoni. Mwa kunena kwina, dziko lathu silili lokha m'malo opanda kanthu. Ndi lolumikizidwa ndi dzuwa ngati nyale yolumikizidwa ku batire.

Kadziko m'bokosi lagalasi

Popeza sakanatha kukwera kumwamba, Birkeland anabweretsa kumwambako m'cipinda cake. Anapanga mpira wacitsulo wokhala ndi maginito yoyendera magetsi m'kati mwake. Mpira wotere umachedwa terrella, kutanthauza kadziko. Anaupaka utoto umene umawala ukaombedwa ndi maelekitironi, n'kuupacika m'bokosi lagalasi limene anapopamo mpweya. Kumbali ina ya bokosilo anaikako kacitsulo koponya maelekitironi, koimira dzuwa. Akayatsa maginito, kuwala kunali kusonkhana m'mikombero iwiri, wina kuzungulira nsonga ya kumpoto ya kadzikoko ndi wina ya kumwera. Mikombero yotereyi ndi imene masetilaiti amajambula lero pa dziko lenileni. Anapitiriza kupanga mabokosi okulirakulira, ndipo lomaliza la mu 1913 linali lolowa malita pafupifupi 1,000, ngati madilamu asanu a madzi.

Kucokera pa zoyesazi anafika pa mfundo zina zimene zinali patsogolo kwambiri pa nthawi yake. Mu 1913 analemba kuti malo a pakati pa nyenyezi ndi mapulaneti, amene anthu anali kuwayesa opanda kanthu, ayenera kuti ndi odzaza ndi tizidutswa ta magetsi touluka. Tisabise kuti analakwitsanso zina. Anafuna kufotokoza mikombero ya pulaneti ya Saturn ndi magetsi omwewo, pamene ndi zidutswa za madzi oundana ndi miyala. Koma pa nkhani ya dzuwa ndi dziko lathu analasa pamtima.

Mfuti imene inabala feteleza

Maulendo ndi makina zinali kudya ndalama zoposa zimene boma la dziko losauka likanapereka. Birkeland anaganiza zodzipezera yekha mwa kutulukira zinthu zogulitsa. Anapanga mzinga woponya cipolopolo ndi mphamvu ya maginito m'malo mwa onga. Mu 1903 anaitana akuluakulu a boma ndi a makampani a zida m'holo ya yunivesite kuti adzaone. Atayatsa, mawaya anagundana, ndipo kunatuluka cimoto ndi phokoso loopsa moti anthu anathawa. Cipolopolo cinakafika ndithu pamene analoza, koma panalibenso wofuna kugula.

Caka comweco anakumana ndi injiniya wina, Sam Eyde, amene anali ndi ufulu wogwiritsa nchito mathithi akuluakulu a ku Norway ndipo anali kufunafuna njira yopangira mphezi yaikulu pafakitale. Cifukwa cake cinali njala. Mu 1898 William Crookes anacenjeza kuti maiko odya tirigu adzasowa cakudya ngati mcere wa nayitulojeni wokumbidwa ku Chile utatha. Nayitulojeni ndiye cakudya cacikulu ca mbewu, ndipo 78 peresenti ya mpweya umene timapuma ndi nayitulojeni, koma cimanga kapena tirigu sizingamutenge mumpweya mwacindunji. Mphezi ikang'anima imamanga nayitulojeni ndi okosijeni, ndipo mvula imatsitsira zimenezo m'nthaka. Birkeland anali ataona cimoto cotere pa mzinga wake, ndipo anali kudziwa kuti maginito imatha kucitambasula kukhala ngati lichero lalikulu la moto.

Anthu awiriwa anagwirizana. M'ng'anjo yao mpweya unali kupyola m'cimoto cotentha madigiri pafupifupi 3,000, utsi wotulukamo n'kusungunulidwa m'madzi kukhala asidi, ndipo asidiyo akasakanizidwa ndi miyala ya laimu anali kusanduka feteleza. Fakitale ya ku Notodden inayamba nchito mu 1905, kampani ya Norsk Hydro inakhazikitsidwa pa 2 December caka comweco, ndipo fakitale yaikulu ya ku Rjukan inatsatira mu 1911. Njirayi inali kudya magetsi ambiri, moti cakumapeto kwa zaka za m'ma 1920 kampaniyo inasinthira ku njira ya ku Germany ya Haber ndi Bosch. Koma inali itatsegula kale khomo, ndipo Birkeland anapeza ndalama zimene anali kufuna. Zambiri anazithira m'makina ake ndi m'malipiro a omuthandiza.

Cikomekome ca mkuyu

Kunja zinthu zinali kuoneka bwino, koma cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Mu May 1905 anakwatira Ida Charlotte Hammer. Mkaziyo anapeza kuti mwamuna wake ndi wa m'cipinda coyeseramo zinthu usana ndi usiku, ndipo ukwatiwo unatha mu 1911 popanda mwana. Ubale wake ndi Eyde nawonso unazirala, pakuti Eyde anali munthu wokonda kuti dzina lake likhale patsogolo. Birkeland anamuchula kangapo kuti alandire mphoto ya Nobel, pa physics ndi pa chemistry pomwe, koma sanalandire. Tulo tinayamba kumusowa, ndipo anazolowera kumwa mankhwala ogonetsa ochedwa veronal.

Comupweteka koposa cinali cakuti akatswiri a ku Britain, amene anali kutsogolera maphunziro a maginito ya dziko, sanalandire mfundo zake. Tiyenera kunena mwacilungamo kuti zina zimene ananena zinali zomveka. Mu 1911 Arthur Schuster anati maelekitironi okhaokha sangayende pamodzi ulendo wonse wocokera kudzuwa, cifukwa tizidutswa ta magetsi a mtundu umodzi timakankhana, ndipo tingamwazike panjira. Wakutsina khutu ndi mnansi. Mu 1916 Birkeland analemba kuti zocokera kudzuwa ziyenera kukhala za mitundu yonse iwiri, maelekitironi pamodzi ndi tizidutswa ta magetsi a mtundu winawo, ndipo lero tikudziwa kuti ndi mmenedi zilili. Koma ocepa okha ndiwo anamvetsera.

Ku Egypt ndi ku Japan

Mu 1913 Birkeland anasamukira ku Egypt, mbali ina cifukwa ca thanzi lake ndipo mbali ina pofuna kufufuza kuwala kwina kwa kumwamba. Amene tinakulira kumudzi kopanda magetsi mwina tinakuonapo. Kukakhala kulibe mwezi, dzuwa litalowa ndipo mdima utagwira, kumadzulo kumaoneka kuwala kozirala kooneka ngati nsonga ya mkondo, ndipo kumaonekanso kum'mawa mbandakuca. Kumaoneka bwino m'maiko otentha ngati athu ano. Birkeland anakuyeza ali ku Helwan pafupi ndi Cairo ndiponso ku Sudan, poganiza kuti kudzamupatsa umboni wa tizidutswa tocokera kudzuwa. Apanso analakwitsa, pakuti kuwalako ndi kwa dzuwa lomwe likamaomba fumbi la pakati pa mapulaneti.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itayamba mu 1914, omuthandiza anabwerera kwao mmodzimmodzi, ndipo iye anatsala yekha. Makalata anali kucedwa, tulo tinatheratu, ndipo anayamba kuopa kuti akazitape akumulondalonda. Kuciyambi kwa 1917 anaganiza zobwerera kwao. Njira ya panyanja yopyola ku Ulaya inali yoopsa cifukwa ca nkhondo, conco anazungulira ca kum'mawa, kuti akafike ku Japan kenako apyole ku Russia. Ku Tokyo akatswiri anzake, monga Hantaro Nagaoka ndi Torahiko Terada, anamulandira bwino, ndipo iye anatsalira komweko akulemba. Pa 15 June 1917 anamupeza atamwalira m'cipinda cake pahotela ya Seiyoken. Anali atamwa magalamu 10 a veronal, pamene mlingo woyenera unali theka la galamu. Anali ndi zaka 49. Zolemba zake zomaliza anazikweza m'sitima yopita ku Ulaya, koma sitimayo inasowa panyanja. Phulusa lake analiika m'manda a Vestre gravlund ku Oslo.

Zaka 50 za kukanidwa

Atamwalira, munthu amene anakhala mkulu wa maphunziro amenewa anali Sydney Chapman wa ku Britain, katswiri weniweni wa masamu. Iye pamodzi ndi Vincenzo Ferraro anaonetsa ca m'ma 1931 kuti mtambo wa tizidutswa tocokera kudzuwa ukafika kuno, maginito ya dziko imaukankha n'kudzisiyira mphako m'kati mwake. Imeneyo inali nzeru yoona. Koma Chapman anakana mitsinje ya Birkeland yotsika kucokera kuthambo. Iye anati magetsiwo amangozungulira mumpweya wa m'mwamba osatuluka kunja, ndipo masamu ake anali aukhondo moti mabuku ophunzitsira anatsatira iye. Amene anaimirira kumbali ya Birkeland anali Hannes Alfvén wa ku Sweden. Iye anasimba kuti Chapman atabwera ku Stockholm anamupempha kuti akaone terrella imene anapanga, koma mlendoyo anakana kupita kukaiona.

N'cifukwa ciyani mkanganowu unatenga nthawi yaitali conco? Katswiri wa ku Japan, Naoshi Fukushima, anadzaonetsa kuti munthu woyeza ali pansi sangasiyanitse mafotokozedwe awiriwa, cifukwa onse amagwedeza kampasi mofanana. Zili ngati munthu amene ali m'nyumba akumva phokoso pa malata. Angakangane ndi mnzake usiku wonse ngati ndi mphaka kapena nthambi ya mango, koma nkhani imatha wina akatuluka panja kukaona.

Kutuluka panjako kunatheka ndi masetilaiti. Mu 1951 Ludwig Biermann wa ku Germany anaona kuti micira ya nyenyezi za mcira imaloza kutali ndi dzuwa ngati pali cinacake coikankha nthawi zonse. Mu 1958 Eugene Parker wa ku Chicago anawerengetsa kuti mpweya wotentha wa kunja kwa dzuwa uyenera kumathamangira mbali zonse mosalekeza, ndipo anaucha mphepo ya dzuwa. Caka comweco setilaiti ya Explorer 1 inathandiza James Van Allen kupeza malamba a tizidutswa togwidwa ndi maginito ya dziko, ndipo mu 1959 Thomas Gold anapatsa dera lonseli dzina lakuti magnetosphere. Zombo za Luna za ku Soviet Union zinayeza mphepoyo mu 1959, ndipo Mariner 2, popita ku Venus mu 1962, inaiyeza kwa miyezi ingapo, Marcia Neugebauer ndi Conway Snyder n'kutsimikizira kuti siileka kuomba.

Kunatsala mitsinje ija. Mu 1966 Alfred Zmuda ndi anzake analengeza kuti setilaiti ina ya asilikali a pamadzi a ku America, imene inali kupyola pamwamba pa nsonga za dziko, inali kupeza maginito ikugwedezeka nthawi iliyonse ikafika m'dera la aurora. Mu 1967, patatha zaka 100 Birkeland atabadwa ndi zaka 50 atamwalira, David Cummings ndi Alex Dessler anafotokoza kuti kugwedezekako ndi cizindikiro ca magetsi oyenda motsatira mizere ya maginito. Posakhalitsa magetsiwo anapatsidwa dzina lakuti Birkeland currents, ndipo mu 1976 Takesi Iijima ndi Thomas Potemra anajambula mapu ake pogwiritsa nchito setilaiti ya Triad. Alfvén analandira mphoto ya Nobel mu 1970, caka cimene Chapman anamwalira.

Zimene tikudziwa lero

Dzuwa lili pa mtunda wa makilomita 150 miliyoni. Kuwala kwake kumatifika m'mphindi 8, koma mphepo yake, imene imathamanga makilomita pafupifupi 400 pa sekondi, imatenga masiku anai. Ikafika, maginito ya dziko imaipatutsa pa mtunda wa makilomita oposa 60,000 kumbali yoyang'ana dzuwa, monga mwala waukulu umapatulira madzi mumtsinje, ndipo kuseri kumatsala mcira wautali kwambiri. Mitsinje ya Birkeland ndiyo imalumikiza cishango cimeneci ndi mpweya wa m'mwamba, ndipo imanyamula ma ampere mamiliyoni angapo. Apa napo panafunika kukonza maganizo ake. Maelekitironi ambiri owalitsa aurora sacokera kudzuwa mwacindunji. Amayamba asungidwa m'kati mwa magnetosphere, kenako n'kuponyedwa pansi.

Nkhaniyi si ya anthu a kumpoto okha. Dzuwa likaphulika mwamphamvu, mitsinjeyi imakula n'kulowetsa magetsi osafunika m'mawaya aatali a pansi pano. Pa 13 March 1989 cigawo ca Quebec ku Canada cinakhala mumdima maola 9, anthu 6 miliyoni n'kusowa magetsi. Pambuyo pa mkuntho wa dzuwa wa mu October 2003, matransifoma ena akuluakulu ku South Africa anaonongeka. Mu May 2024 aurora inaoneka mpaka ku South Africa, ndipo makina ena odalira GPS anasokonezeka. N'cifukwa cake ku Hermanus, pafupi ndi Cape Town, kuli malo oyang'anira nyengo ya kuthambo usana ndi usiku, kuti oyendetsa ndege, magetsi ndi masetilaiti azicenjezedwa pasadakhale.

Dziko la Norway linaika nkhope ya Birkeland ndi cithunzi ca terrella pa ndalama yapepala ya 200 kroner mu 1994. Cigwa cina pamwezi cili ndi dzina lake, ndipo sitima ya Yara yoyendera mabatire, yonyamula feteleza, imachedwa Yara Birkeland. Eugene Parker naye pepala lake la mu 1958 linakanidwa ndi akatswiri awiri olipenda, koma mkonzi Subrahmanyan Chandrasekhar atawerenga yekha masamuwo analisindikiza. Parker anakhala ndi moyo mpaka kuonerera combo cochedwa dzina lake cikunyamuka ulendo wopita kudzuwa mu 2018, ali ndi zaka 91. Birkeland sanapeze womuwerengera wotere pakati pa akuluakulu a nthawi yake.

Pamenepa ndi pamene mbiriyi imatikhudza ife. Ambiri tili ndi malo amene mawu athu ndi olemera, m'banja, m'sukulu, kunchito kapena m'komiti, ndipo tsiku lina wina wamng'ono kapena wocokera kumalo onyozeka adzabwera ndi mfundo yosemphana ndi yathu. Chapman sanali munthu wopusa, ndipo kukayikira kwake sikunali kulakwa. Cimene tikumudandaula naco n'cakuti ataitanidwa kukaona, sanapite. Mbali inayo nayo tisaiiwale. Birkeland ananena zoona, koma coonadico cinalipiridwa ndi zala za Helland-Hansen, moyo wa Boye, ukwati wa Ida ndi tulo ta mwiniwake, mpaka anafera yekha m'hotela kutali ndi kwao. Akanadzisamalira n'kukhala ndi moyo zaka zina 30, akanatha kudziyankhira yekha pamaso pa Chapman. Tikadzasenzanso thumba la feteleza nyengo ya dzinja ikubwerayi, tikumbukire munthu ameneyu, ndiponso tidzifunse ngati panyumba pathu palibe wina amene nchito ikumudya ife tikungoyang'ana.